Tsiku Limene Kompyuta Inakana Kudzuka

Munthu wovomera mlandu msanga amadetsa nkhawa kuposa wokana. Sajeni Judith Nampinga anali atagwira ntchito yofufuza milandu ku Balaka zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zimenezi ankazidziwa bwino. N'chifukwa chake Lachitatu m'mawa, atawerenganso sitetimenti ya mizere inayi imene inali patebulo pake, anaitanitsa mwini wake kuchokera m'chitokosi.

Nkhani yake inali yotere. M'mwezi wa Januwale, njala itafika posauzana, bungwe lina lothandiza anthu linapita kukagawa chimanga m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Mayina a olandira ankasungidwa mu laputopu. Tsiku logawalo laputopu inayaka, koma mayina sanatuluke. Ogawa anagwiritsa ntchito mndandanda wa papepala. Mabanja makumi atatu anabwerera chimanjamanja, matumba awo sanaoneke, ndipo patatha masabata atatu mwana anamwalira m'banja limodzi mwa mabanjawo. Akuluakulu a bungwe atadandaula kupolisi, mmisiri wawo wa makompyuta, Shukuru Hassani, anabwera yekha n'kunena kuti wolakwa ndi iye. Lolemba ankayenera kukaonekera kukhoti.

Shukuru anakhala kumapeto kwa benchi, manja ali pakati pa mawondo. Anali bambo wa zaka makumi atatu, wamtali, wa maso ofiira ndi kusagona.

"A Hassani, ndamva kuti chakudya chimene akazi anu akubweretsa mukumachibweza."

"Sindikumva njala, mayi."

"Chaka chino? Ndinu nokha m'boma lonse lino." Judith anagogoda pepala lija ndi cholembera. "Mwalemba kuti munawononga kompyuta. Munaiwononga bwanji?"

"Siinawonongeke. Inangokana."

"Pali kusiyana?"

"Kulipo." Anadzutsa mutu, ngati munthu amene ntchito yake yanyozedwa. "Mu laputopu ija muli kompyuta ina ya m'kati, yosagwirika ndi manja. Timaitcha vi-emu. Mayina onse amakhala m'menemo kuti munthu asamawasinthe mwachisawawa. Vi-emu ikamadzuka, choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kotchedwa femuweya, kamene kamadzutsa zina zonse. Koma laputopu imayamba yaona kaye ngati memori imene vi-emu yapatsidwa ikukwanira femuweyayo."

"Ndine wapolisi ine, a Hassani. Lankhulani Chichewa."

"Kwathu ku Chiuta, msodzi asanakankhe bwato amayamba wapisa nsungwi m'madzi. Akaona kuti madzi achepa sakankha, chifukwa bwato likatitimira m'matope. Memori ndiye madziwo. Femuweya yathu imafuna osachepera 128. Ine ndinkaipatsa 2048. Munthu akatsitsa nambalayo pansi pa 128, makina amayesa, n'kukana, n'kulemba chifukwa chimene akanira."

"Munthu akatsitsa. Munthu wake uti?"

"Ine."

"Matumba makumi atatu aja ali kuti?"

"Sindikudziwa."

"Nanga munalembapo nambala yanji?"

Shukuru anayang'ana pansi. 

"Ndaiwala."

Judith anatseka faelo pang'onopang'ono. Munthu wokumbukira 128 ndi 2048 anali ataiwala nambala imene akuti anailemba ndi chala chake.

* * *

A Ambrose Likoswe, mkulu woyang'anira zogawa, anamulandira mu ofesi ya bungwe pafupi ndi njanji. Anali ndi botolo la zoziziritsa kukhosi patebulo ndi mpango wopukutira thukuta paphewa.

"Madamu ofesala, mwandipeza ndili bize koopsa. Komabe khalani. Nkhani ya mnyamata uja yatipweteka tonse. Ndinkamutenga ngati mwana wanga."

"Tsiku logawa, iyeyo anali kuti?"

"Ndinamutumiza ku Phalula. Kumenekonso kunali pulogalamu. Ine za makompyuta ndine mbuli, madamu. Ndinangodina pamene ndimadina masiku onse, sisitimu zii. Anthu mazana anayi ali padzuwa, ena akukomoka. Inu mukanatani? Ndinatenga pepala."

"Pepalalo munali nalo kale m'chikwama?"

"Munthu wa ekisipiliyensi sayenda ndi mpeni umodzi."

"Ndilione."

A Likoswe anapukuta pakhosi. "Linanyowa ndi mvula pobwerera. Linafufutika lonse."

"Mvula yake iti, bambo? Chiyambire Khirisimasi sikunagwe ngakhale dontho."

"Ndiye kuti anali madzi a m'botolo. Zinthu zachuluka m'mutu, madamu."

Judith analemba mawu onse awiri, mvula ndi botolo, n'kuwatsekera mzere kunsi.

"Dzulo lake, Lachisanu, laputopu inali kuti?"

"Momwe muno, mu kabati. Lachisanu timaweruka 12 koloko. Ine ndinali ku Liwonde kukaona malole, mafuta ndinathira komweko, risiti ilipo. Makiyi amatsala ndi kalaliki wathu wolowetsa mayina."

"Ndani ameneyo?"

"Thokozire. Koma musavutike naye, akudwala, ali patchuthi." Anamwa chakumwa chija, maso ali pazenera. "Ndi mkazi wake wa Shukuru yemweyo."

* * *

Lachinayi Judith anakwera basi mpaka pa Nselema, kenaka njinga yamoto mpaka kunyanja. Nyanjayo inali itathawa. Mabwato anali gonegone pamatope ong'aluka, ndipo patali azimayi ankaoneka ali chiweramire, akukumba nyika, timizu ta m'madambo timene anthu amadya pa njala.

Mayi wa mwana womwalira uja anali Zelifa. Anamupeza pakhonde akusenda nyika zomwezo, ana awiri atakhala pambali pake osasewera.

"Dzina lanu silinaitanidwe tsiku lija?"

"Iyayi, bwana. Tinakhala kuyambira m'mawa mpaka swala ya masana inadutsa. Miyezi yonse dzina langa limatuluka m'makina, Zelifa Hassani, anthu anayi. Tsiku limenelo akuti makina adwala. Bwana wonenepa uja anawerenga papepala, n'kupinda, n'kuti basi, otsala mwezi wamawa."

"Mwana uja anali ndi zaka zingati?"

"Laisi? Zitatu." Mpeni unaima. "Ankadya nyika limodzi ndi ife. Mimba inayamba kutupa, kenaka kutsegula. Kuchipatala tinafika naye atafooka kale. Mwini wake wamutenga, ife tinganene chiyani."

Judith anaimitsa cholembera. Dzina lija linali likumuzungulira m'mutu.

"Mwati Hassani? Munthu amene tamusunga pa mlanduwu ndi Shukuru Hassani."

"Ndi achimwene anga amenewo, bere limodzi." Zelifa anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Akuti iwo ndi amene anafufuta dzina langa? Bwana, amene ananyamula Laisi m'manja kupita naye kumanda ndi iwowo. Amene anatsikira m'dzenje kukamugoneka ndi iwowo. Sukulu yawo ya makompyuta ndinalipira ine ndi nsomba za m'nyanja iyi. Andimane thumba la chimanga?"

"Bwanji simunawauze kuti simunalandire?"

"Foni ndinagulitsa mu Novembala. Komanso ndinkati mwezi wamawa si kutali. Iwo anamva zonse pamaliro pomwepa. Nditawauza kuti dzina langa silinatuluke, anakhala pansi apo, pafumbi, ngati awamenya ndi nkhafi."

"Akazi awo anabwera?"

"Alamu anga? Anabwera. Ndi Mkhirisitu wa ku Phalula, koma mwambo wathu wa Chisilamu amaudziwa bwino, kuti pamaliro sitikuwa. Pa maliro a amayi athu anakhala nafe mwaulemu, misozi yokha. Koma tsiku la Laisi anakuwa, bwana, anadzigwetsa pansi, mpaka azimayi anachita kuwatengera kuseri. Analira kuposa ine mayi wake." Zelifa anatola nyika ina. "Chinandidabwitsa n'chakuti achimwene sanapite kukawatonthoza. Madzi amene alamu anawapatsa, anawaika pansi osamwa."

* * *

Lachisanu chakumasana Judith ananyamula laputopu ija m'chikwama cha umboni n'kupita nayo kumsika. Moyang'anizana ndi mzikiti munali kashopu ka Elliam, wokonza mafoni ndi makompyuta, amene polisi inkamufunsa nzeru kawirikawiri.

"Sajeni! Mwabwera kudzandigwira kapena kudzandipatsa ntchito? Ngati n'kundigwira, dikirani ndidye kaye."

"Tsegula ichi. Nambala yachinsinsi ndi iyi, mwini wake wapereka. Usakonze kanthu, ungondiwerengera."

Elliam anadina, n'kudikira. Pagalasi panatuluka mzere umodzi wa zilembo zofiira.

"Ikuti chiyani?"

"Ikudandaula ngati mlendo pamaliro. Ikuti femuweya ikufuna 128, inu mwandipatsa 26, ndiye sindidzuka." Anasuzumira pafupi, n'kuphulika kuseka. "Twente sikisi! Ndani ameneyu?"

"Chikuseketsa n'chiyani?"

"Sajeni, ife a ntchito imeneyi nambala zathu zimayenda mowirikiza. 16, 32, 64, 128, mpaka m'tsogolo. Zinatilowa m'magazi. Mutandidzutsa kutulo n'kundiuza kuti nditsitse memori, chala changa chilemba 64 kapena 32 chisanandifunse. Koma 26? Imeneyi si nambala ya mmisiri. Ndi nambala ya nyumba, kapena tsiku la ukwati, kapena zaka za munthu."

"Shukuru Hassani sangailembe?"

"Shukuru? Uja amakonza ndi nambala za anzake zomwe zikakhala zokhota? Angafe kaye."

"Inasinthidwa liti?"

Elliam anatsegula tsamba lina, n'kutsata ndi chala. "Makinawa ndi a miseche, salemba chokana chokha. Lachisanu pa 12 Januwale, nthawi ili 12:47 masana."

Nthawi yomweyo azana inamveka kuchokera pamzikiti. Amuna ovala mikanjo anayamba kuwoloka msewu, ena akutsamiritsa njinga pakhoma la kashopu kaja. Elliam anasiya kuseka.

"Sajeni, onani apo. Lachisanu lililonse njinga ya Shukuru imakhala pakhoma ili kuyambira kota pasiti thwelofu mpaka hafu wani. Tsiku limenelo ndikulikumbukira, chifukwa potuluka anapeza tayala laphwa, n'kundibwereka pampu. Mpaka lero sanabweze." Analoza laputopu ija. "Munthu sangakhale pa mapemphero a Juma ndi mu ofesi nthawi imodzi. Nanga akuvomeranji?"

Judith anaimirira. Anali atatseka kale chikwama.

* * *

Nyumba ya a Hassani inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa chigayo chimene chinali chitasiya kulira kwa miyezi. Thokozire anali pakhomo akutsuka kontena ya chakudya. Anali wochepa thupi, ndipo milomo yake inali youma.

"Lowani, mayi. Abwezanso lero. Tsiku lachisanu ndi chimodzi."

Judith anakhala pampando, chikwama chili pamiyendo. Pakhoma panali mkanjo woyera wosita bwino.

"Mayi Hassani, muli ndi zaka zingati?"

"Twente sikisi."

Anayankha mosaganiza, monga mmene munthu amayankhira kuchipatala. Kenaka anamva yekha zimene wanena. Kontena ija inagwa m'manja mwake n'kugubuduka mpaka pamwendo wa tebulo.

Palibe amene anaitola.

Patapita nthawi Thokozire analowa kuchipinda n'kubwera ndi kope la ana a sukulu. Analitsegula pakati n'kulipereka. Panali zolemba zake zaudongo: Vi-emu ikakana kudzuka, yamba waona memori. Chitsanzo, 26. Yakana.

"Amuna anga ankandiphunzitsa madzulo aliwonse tikaweruka," anatero. "Ankafuna kuti ndisathere pa ukalaliki. Tsiku limenelo anati, Thoko, lemba nambala iliyonse yaing'ono uone. Ine ndinati ndilembe chiyani? Iwo anati lemba zaka zako, tione ngati ndiwe wamkulu wokwana kudzutsa kompyuta. Nditalemba, inakana. Tinaseka, mayi. Tinaseka mpaka misozi."

"Ndiye pa 12 Januwale munalembanso yomweyo."

"Ndi yokhayo imene ndinaionapo ikukana. Ndinkaopa kuti ndikalemba ina, mwina idzuka."

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?"

Thokozire anakhala pansi, pasimenti, n'kutambasula miyendo.

"Amayi anga ku Phalula akulera ana asanu a malemu achemwali anga. Kalembera atadutsa, anawadumpha, akuti ali ndi mwana wa pantchito. Ntchito yake iti? Kathumba kamodzi tinkagawana nyumba zitatu. Mu Disembala ndinawapeza akuphika mango aawisi. Ndinawapempha bambo a kunyumba kuno katatu kuti alowetse dzina lawo. Katatu konse anakana, akuti malamulo. A Likoswe anandipeza ndikulira mu ofesi. Anati, mwana wanga, makinawa alibe chisoni, koma pepala lili nacho. Ukangowagoneka tsiku limodzi, ine ndiwonjezera mayina a okalamba amene anasiyidwa, ndi la amayi ako lomwe. Anati kuwonjezera. Sananene za kuchotsa."

"Muli ndi umboni?"

Anatulutsa foni m'chitenje. Uthenga unali wa Lachisanu lomwelo, 12:30, wochokera pa nambala ya a Likoswe: Onse atuluka. Panga zija. Thumba la amayi lifika Lamulungu.

"Linafika?"

"Linafika. Ana aja anadya." Anaika foni ija pasimenti. "Anadya chimanga cha Laisi, mayi. Ine ndinkamuluka tsitsi Laisi. Ankanditcha anti a ku tauni."

"Amuna anu anadziwa liti?"

"Lolemba lotsatira, atangotsegula laputopu. Anabwera kunyumba, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, twente sikisi, Thoko? Sananenenso china. A Likoswe anatsekera laputopu mu kabati, akuti idikire akuluakulu. Amuna anga anakhala chete kuti anditeteze, poganiza kuti nkhani ndi thumba limodzi. Za mayina ochotsedwa tinazimvera pamaliro." Anapukuta nkhope ndi chitenje. "Chibwerereni kumaliro sanandilankhule. Apita kundende m'malo mwanga, koma madzi anga sakumwa. Inu munaonapo zotere?"

Judith anali ataona zambiri, koma zotere ayi. Anatola kontena ija n'kuiika patebulo.

"Tengani chitenje china ndi juzi. Usiku kumazizira kumene tikupitaku."

* * *

A Likoswe anagwidwa Loweruka m'mawa pa depoti, ali ndi chikwama cha zovala. Asanafike n'kupolisi komwe anali atatchula kale dzina la wogula chimanga wa ku Liwonde.

Shukuru anatulutsidwa 9 koloko. Judith atamuuza zonse, sanadabwe, sanakondwe.

"Mukanandisiya, mayi. Amene anamuphunzitsa ndine. Amene ndinakhala chete masabata atatu ndine."

"Zimenezo mukakambirane ndi Mulungu wanu. Khoti limafuna chala chimene chinadina." Anamukankhira laputopu. "Akuluakulu anu akufuna mayina enieni. Lolemba lole ikupita ku Chiuta. Umboni tajambula kale. Idzutseni."

Shukuru anafufuta 26 n'kulemba 2048. Makina anayesa madzi, n'kupeza kuti akwana. Galasi linada, linawala, kenaka mayina anayamba kutsika, mazana anayi, onse ali m'malo mwake ngati kuti palibe chinachitika.

Anatsitsa mndandandawo mpaka pamene ankafuna. Zelifa Hassani. Anthu a pabanja, 4.

Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali.

"Zisiyeni zimenezo," anatero Judith motsitsa mawu. "Wina adzakonza."

"Iyayi, mayi. Ndinakaniza mkazi wanga dzina limodzi chifukwa cha malamulo omwewa. Ndiyambe lero kuwakhotetsa?"

Anafufuta 4. Chala chinatsika pa batani. 3.

Anatseka laputopu n'kuimirira. Atafika pachitseko anaima, osatembenuka.

"A m'chitokosi cha akazi amalandira chakudya nthawi yanji?"

"12 koloko."

Shukuru anatuluka. Judith anabwerera ku mapepala ake, koma maso ankangothawira pa wotchi ya pakhoma. Itakwana 12 anapita kukaima pafupi ndi kauntala, ngati akufuna buku la zochitika.

Shukuru anafika patadutsa mphindi zisanu, atanyamula kontena ija. Inali yotentha, yomangidwa m'kansalu mfundo yokhota, ya munthu wosazolowera. Anaiika pakauntala.

"Ya ndani?" anafunsa wapolisi wa pakauntala.

"Thokozire Hassani."

"Mukufuna kuwaona? Mphindi zisanu timalola."

Shukuru anayang'ana khomo lachitsulo lija. Kuseri kwake kunali zii, ngati kuti wina wagwira mpweya kuti amve yankho.

"Iyayi," anatero. "Mungowauza kuti adye."